Ulusi wa Pansi

1. Makina awiri ndi benchi

M'shopu ya azakhali ake a Kalembera munali makina osokera awiri, tebulo lodulirapo nsalu, simbi ya makala, ndi benchi lopendekeka limene alendo ankaliopa. Pa benchi limenelo ndi pamene Kalembera ankafikira akaweruka kusukulu, kope pamwendo, cholembera kukamwa.

Dzinali silinali lobadwa nalo. Anamupatsa ndi Amabatani, mayi wansangala amene ankasoka pa makina achiwiri, chifukwa mtsikanayu sankalola kanthu kumudutsa osakalemba. Munthu ungoyetsemula, iye watsegula kale kope.

Azakhali akewo anali telala wa matelala. Munthu akalowa ankangomuyang'ana kamodzi kuchokera kumapewa mpaka kumapazi, tepi ili m'khosi osaikhudza, ndipo chovala chinkatuluka ngati munthuyo anabadwa nacho. Sankalankhula zambiri, ndipo phazi lawo silinkachoka pa chopondera. Anthu ankati ngakhale denga litagwa, iwo angayambe amaliza msoko, kenako n'kufunsa chimene chachitika. Kalembera ankawanyadira kwambiri, ngakhale ankawaopanso pang'ono.

Sabata imeneyo mtima wake unali pa chinthu chimodzi. Aphunzitsi anali atalengeza kuti pa tsiku lotsekera sukulu nkhani imodzi yokha idzawerengedwa pamaso pa makolo onse, ndipo ofuna kupikisana apereke zawo Lachisanu m'mawa. Kalembera anali atadzaza makope asanu ndi limodzi chiyambire kulemba, koma kunja kwa shopuyo kunalibe amene anamumvapo. Mwayi umenewu sankafuna kuti umudutse.

M'shopumo nkhani zinali ndi muyeso wake. Wofotokoza akafika pokoma, Amabatani ankaiwala kuponda ndipo makina awo ankaima okha. Koma makina a azakhali anali asanaimepo chifukwa cha nkhani ya munthu wina aliyense.

2. Anthu asanu ndi awiri

Lachiwiri masana Kalembera analowa akuwefuka. Anapeza azakhali akusoka malaya aamuna abuluu, a mikono yaitali modabwitsa. Anali malaya achitatu otere chaka chimenecho, ndipo mwini wake sankaoneka m'shopumo. Kalembera atafunsa kamodzi, anangoyankhidwa kuti ndi a munthu amene sakonda mafunso.

Anaimirira pakati pa makina awiriwo, n'kutsegula kope. Nkhani yake inali ya mnyamata wolimba mtima amene ankathamangitsa akuba. Tsamba loyamba akuba anaba lole. Lachiwiri nyumba inapsa. Lachitatu mnyamatayo analumpha kuchokera padenga n'kugwera pa lole ikuyenda, ndipo lachinayi mlatho unagumuka. Pofika pamenepo anthu asanu ndi awiri anali atamwalira.

Makina onse awiri ankangolira osapuma. Pamene moto unafika pachimake, Amabatani anafunsa ngati pali amene waona ulusi woyera.

Kalembera atamaliza, Amabatani anapukusa mutu n'kunena kuti, "Iwe mwana, anthu ukuwathera bwanji chonchi? Mabokosi onsewa akhoma ndani?"

Anaseka okha mpaka misozi. Azakhali sanaseke. Analuma ulusi, n'kulankhula phazi likupondabe.

"Mwanawe, mnyamata wakoyu akuthamanga bwino, sindikukana. Koma tandiuza, akaterereka pa mlathopo n'kuthyoka khosi, uthenga ukapita kwa yani? Ndani amene akane kudya tsiku limenelo? Ine akagwa munthu amene sindikumudziwa, ndimangoti pepani n'kupitiriza ntchito yanga. Koma akagwa munthu amene wina akumudikira pakhomo, phazi langa limachita dzanzi. Wandionetsa moto, wandionetsa akuba, koma sunandionetse munthu woti ndimudere nkhawa. Pita ukamufune."

Kalembera anatseka kope lake mwamanyazi. Kunena zoona, funso limenelo linali lisanamufikepo m'mutu.

3. Kansalu kotsala

Lachitatu anabweranso, ulendo uno akuyenda monyada. Akuba onse anali atawachotsa, moto atauzimitsa, mlatho ataubwezera pamalo pake. M'nkhani yatsopanoyo mnyamata uja ankakhala pawindo n'kumamva chisoni. Tsamba loyamba ankamva chisoni, lachiwiri ankakumbukira zakale, lachitatu analira, ndipo lachinayi anayang'ana mitambo n'kumvanso chisoni.

Amabatani anayasamula mpaka nsagwada kulira. Anafunsa ngati mnyamatayo miyendo anaibwereketsa, poti chiyambire nkhani sanadzukepo pampando. Anawonjezera kuti bola dzulo kunali moto, munthu n'kumaotha.

Apa Kalembera anapsa mtima. Ananena kuti anthu a m'shopumo sakudziwa chimene akufuna: dzulo akuti zochitika zachuluka, lero akuti zachepa. Anagwira masamba anayi aja kuti awang'ambe.

Azakhali anamuitana kuti ayandikire. Anatola kansalu kotsala pansi, n'kutsegula kunsi kwa makina, n'kuchotsa bobini, kachitsulo kamene kamasunga ulusi wa pansi. Anaponda. Singano inathamanga bwinobwino, koma atamuuza Kalembera kuti akoke ulusiwo, wonse unasololoka popanda kukana. Kenako anabwezera bobini n'kuchotsa ulusi wa pamwamba. Anapondanso. Singano inangoboola timabowo, nsalu n'kukhala chimodzimodzi. Pomaliza anaika ulusi wonse uwiri, n'kusoka mzere umodzi, n'kumupatsa kuti akoke ndi mphamvu zake zonse. Msoko sunasunthe.

"Ulusi wa pamwamba ndi umene anthu amauona," anatero azakhali. "Umathamanga, umakwera, umatsika, ngati moto wako uja ndi akuba ako aja. Wa pansi suoneka, umangokhala phee m'kanyumba kake, koma ndi umene umagwira mnzake kuti asathawe. Dzulo unasoka ndi wa pamwamba wokha. Lero wasoka ndi wa pansi wokha. Ndipo usaganize kuti ukangoika wonse uwiri ndiye kuti watha. Wina ukakoka kuposa unzake, nsalu imachita makwinya. Umasoka pang'ono, n'kutembenuza nsalu, n'kuona kunsi. Telala amene satembenuza nsalu amachititsa anthu manyazi pamsewu. Dekha, mwanawe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kalembera anayang'anitsitsa kansaluko mbali zonse ziwiri. Mkwiyo unali utamuthera, ndipo anachita chidwi kuti manja omwe aja odula nsalu akudziwanso za nkhani. Anafunsa kumene angaupeze ulusi wa pansi wa nkhani yake.

"Kwanu komwe," anayankha azakhali. "Umaudutsa tsiku lililonse ngati mulu wa zinyalala."

4. Njinga ya pakhoma

Bambo ake a Kalembera anali okonza njinga. Chisakasa chawo chinali kutsogolo kwa nyumba, chodzaza ndi matayala akutha, matcheni ndi zitini za girizi. Anali amisiri enieni, koma mtima wawo unali wapachala.

Miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo, anatuma mwana wawo wamwamuna, achimwene ake a Kalembera, kukapereka njinga yokonzedwa kwa mwini wake. Mnyamatayo anakumana ndi anzake, n'kuyamba kupikisana nawo liwiro pamtsetse, ndipo njinga ya eni ake inabwerako itapindika ngati chikwakwa. Bambo anamukalipira pamaso pa anthu onse amene anali pachisakasapo, n'kumaliza ndi mawu akuti iwo alibe mwana wotere. Kutacha, mnyamatayo anachoka wapansi. Njinga yake, imene anaimanga ndi bambo ake kuchokera ku zidutswa, anaisiya ili pamsomali.

Kuyambira tsiku limenelo dzina lake silinatchulidwenso m'nyumbamo. Amayi akaliyamba, bambo ankadzuka n'kutuluka panja. Madzi akatayika saoleka, ndipo aliyense anaphunzira kuyenda mozungulira pamene atayikirapo.

Madzulo a Lachitatu limenelo Kalembera anakhala pakhonde, kansalu kaja kali m'manja. Dzuwa linali lidakalipo. Anaona bambo ake akusonkhanitsa masipanala monga mwa masiku onse. Atatha, anayang'ana kumsewu, n'kuyang'ana kunyumba, osamuona iye kuseri kwa zovala zimene zinali pachingwe. Kenako anapita pa njinga ya pakhoma ija. Anadina tayala lakutsogolo ndi chala chachikulu, n'kutenga pampu n'kupopa. Anachitanso chimodzimodzi ndi lakumbuyo. Anadontheza mafuta pa tcheni, n'kupukuta chishalo ndi mkono wa malaya awo.

Njinga imeneyo inali isanakweredwe kwa miyezi isanu ndi itatu, koma matayala ake anali olimba kuposa a njinga zonse za mumsewumo. Kalembera anamva chisoni chachikulu. Anachitanso manyazi kuti iye, wolemba ngakhale kuyetsemula kwa anthu, anali asanazionepo zimenezi.

Anatsegula kope pomwepo, ndipo sanadzuke mpaka amayi ake atamuitana kachitatu.

5. Makina aima

Lachinayi sanalowe akuwefuka, sanalowenso monyada. Anangoimirira pamalo pake n'kuyamba kuwerenga.

Nkhaniyo inali ya bambo wina wokonza njinga amene anathamangitsa mwana wake ndi mawu, ndipo tsiku lililonse ankapopa mobisa matayala a njinga ya mwanayo. Tsiku lina kunagwa chimvula, ndipo kunamveka kuti mtsinje wadzaza, mlatho wayamba kugumuka, ndipo anyamata okonza msewu atsekeredwa tsidya linalo. Bamboyo ankadziwa kuti mwana wake ali pakati pawo. Anatsitsa njinga ija n'kuyamba liwiro.

Kalembera sanautaye mlatho wake uja, ndipo sanamutayenso munthu wachisoni uja. Bamboyo akagwa m'matope, asanadzuke ankayamba waona ngati njinga ya mwana wake yakalika. Tcheni chitaduka, anachilumikiza, n'kukumbukira kuti kalumikizidwe kameneko anaphunzitsa mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mphindi zinkatha, madzi ankakwera.

Makina a Amabatani anaima pa tsamba lachiwiri.

Kalembera anafika pamene bamboyo waima m'mphepete mwa mlatho, matabwa akukokoloka, tsidya linalo kukuoneka anthu osadziwika bwino chifukwa cha mvula. Bamboyo anatsegula pakamwa kuti aitane mwana wake. Koma dzinalo anali atakhala nthawi yaitali osalitchula, moti linamukanirira pakhosi.

Apa Kalembera anamva chinthu chachilendo. M'shopumo munali zii. Atakweza maso anaona phazi la azakhali lili pansi, pambali pa chopondera, ndipo singano itaima pakati pa kolala ya malaya abuluu aja.

Amabatani anamuuza kuti apitirize msanga, asawasiye m'malere. Kalembera anayankha kuti nkhani yathera pomwepo, mapeto sanawapeze.

Azakhali anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene fumbi lake linalili.

"Wasoka, mwanawe," anatero. "Msoko uwu ngakhale ng'ombe ziwiri sizingaung'ambe. Koma khala pansi undimvetsere, chifukwa ndikapanda kukuuza ine palibe wina akuuze. Nsalu imene wasokayi si yako wekha. Waidula pa malaya a bambo ako iwo atavala. Tsiku lotsekera sukulu adzakhala pakati pa makolo anzawo, ndipo aliyense amene anakonzetsapo njinga kwa iwo adzatembenuka kuwayang'ana. Iwe adzakuombera m'manja, iwo adzasowa poika nkhope. Mlongo wanga ndimamudziwa, tinayamwa bere limodzi. Ndi wouma mutu, koma chimene amachita pa njinga ija amachita poganiza kuti palibe akumuona. Anachititsa mwana wake manyazi pagulu, ndipo taona kumene zatifikitsa. Iwe ukufuna ubwezere zomwezo ndi cholembera? Luso ndi lumo lakuthwa. Limadula nsalu, limadulanso chala cha munthu amene wakugwirira nsaluyo."

Amabatani anati nkhani yokoma chonchi si yobisa. Analangiza kuti njinga aisandutse wilibala, bamboyo amuveke ndevu, basi palibe adzadziwe. Azakhali anangofunsa ngati anaonapo munthu akuthamangira ku mlatho pa wilibala.

Kalembera anaona kuti njira zilipo zitatu. Akanatha kupereka nkhani ya akuba ija n'kulephera mwamtendere. Akanatha kupereka iyi mwakachetechete, mwina n'kupambana. Njira yachitatu, yovuta kuposa zonse, inali yokawawerengera bambo ake nkhaniyo asanaipereke.

Anaika kope m'chikwama, n'kutsanzika. Azakhali sanamufunse njira imene wasankha.

6. Pampu

Anapeza bambo ake atamaliza kusonkhanitsa masipanala, pampu ili kale pa tayala la njinga ya pakhoma. Atamuona anadzidzimuka, n'kung'ung'udza kuti akungoyesa ngati pampuyo ikugwira ntchito.

"Ababa, ndalemba nkhani ya kusukulu," anatero Kalembera. "Sindikapereka musanaimve. Mukakana, ndiing'amba."

Bambo anati iwo za nthano sazidziwa, koma ngati ili yaifupi awerenge. Anapitiriza kupopa atamufulatira.

Kalembera anayamba. Pa tsamba loyamba pampu inkalira mofulumira, ngati munthu wokwiya. Atafika pa bambo wopopa matayala mobisa, iye anaganiza kuti tsopano kope lake lithera m'chitini cha girizi. Koma sanasiye. Mvula inagwa, mtsinje unadzaza, tcheni chinaduka. Pampu inayamba kulira motalikiza. Pamene dzina linakanirira pakhosi pa bambo wa m'nkhaniyo, pampu inali italeka kalekale.

Kenako bambo anatembenuka.

"Bambo wa m'nkhani yakoyu ndi wouma mutu," anatero.

"Eya, Ababa."

"Usamufewetse. Umusiye momwemo, anthu akamumve." Anatsokomola pang'ono. "Nanga mwanayo anayankha?"

"Sindikudziwa, Ababa. Bamboyo sanaitanebe."

Bambo anaika pampu pansi. Ananena kuti nkhani yopanda mapeto aphunzitsi sangailandire, ndipo Lachisanu ndi mawa lomweli. Kenako anafunsa ngati azakhali amaliza malaya a mikono yaitali aja. Kalembera anafunsa modabwa kuti za malayawo azidziwa bwanji.

"Ukuganiza kuti ndilibe maso?" anatero bambo. "Mikono imene ija ndaiona ikukula kuyambira ili ngati zala zangazi."

Anakweza manja n'kutsitsa njinga ija pamsomali. Matayala ake atagunda pansi inadumpha pang'ono, poti mpweya unali wokwanira. Anamuuza Kalembera kuti akwere pakaliyala, ndipo kope asalisiye.

Atafika pashopu anapeza azakhali ataima pakhomo, malaya abuluu atawapinda bwino n'kuwakulunga m'pepala. Anayang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ana njinga, n'kumuyang'ana Kalembera kamodzi kuchokera kumapewa mpaka kumapazi, monga ankachitira ndi munthu woyenera kumusokera chovala chatsopano.

"Achimwene, mwabwera, koma mwatsala pang'ono kuchedwa," anatero azakhali. "Mwana wanu amagwira ntchito pa malole onyamula matabwa, kuseri kwa msika waukulu. Lole yawo inyamuka dzuwa likamalowa, ndipo ulendo uno akuti akakhalitsa. Tengani malayawa mukamupatse nokha."

Bambo anayang'ana kumwamba. Dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza madenga. Anaika malayawo m'manja mwa Kalembera.

Munthu yemwe uja amene anakalipira mwana wake chifukwa cha liwiro anaimirira pa zopalasira. Njinga inaloza kumtsetse, nkhuku zikubalalika, anthu akupatuka. Kalembera anapanikiza kope ndi malaya pachifuwa ndi dzanja limodzi, linalo atagwira lamba wa bambo ake.

Atadutsa pa mphambano yoyamba, anamva bambo ake akunong'ona kanthu pakati pa kupuma. Anasendeza khutu pafupi ndi msana wawo kuti amve bwino. Linali dzina la achimwene ake. Ankalibwereza pang'onopang'ono, kuliyeserera, kuti akafika lisakawakanirire pakhosi.